Msewu Wadutsa pa Nyumba ya Singano

Lolemba, 7 Epulo

Msonkhano wa komiti ya chitukuko kusukulu. Mabenchi a ana, mawondo kuwawa. A khansala abwera ndi injiniya wa kukhonsolo, wa chipewa chachikasu. Nkhani yake: msewu wathu authira phula. Phula! Zaka zonsezi tikupempha. Ndaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Koma njira zilipo ziwiri. Ina kukulitsa msewu womwewu wodutsa pamsika. Ina kuzungulira kuseri kwa phiri, kopanda nyumba. A khansala ati musankhe nokha eni mudzi, tisadzanenedwe. Kuvota Lachinayi.

Ndapeza mkaka utasefukira ku tiyirumu. Kutsidya kwa msewu Singano ali pakhonde pake, makina osokera ali kwetekwete. Wakuwa: "Ketulo, mwagwirizana zotani akuluakulu a boma?" Chilowereni mukomiti amandiseka choncho. Dzina la Ketulo anandipatsa ndi iye tili kusukulu, ati sindichedwa kuwira. Ine ndinamubwezera la Singano, kuonda ndi pakamwa polasa. Utelala unachita kubwera pambuyo.

Ndati phula likubwera. Wavina atakhala pampando. Za njira ziwiri sindinanene. Makasitomala anali akudikira.

Lachitatu, 9 Epulo

Tsiku lonse maso pamsewu. Ndi wopapatiza ndithu. Malole awiri sangapatukirane.

Injiniya anati akadzakulitsa adzadya mbali ya kumunsi, chifukwa kumtunda kuno kuli thanthwe ndi mapolo a magetsi. Kumtunda ndiye kwathu. Kumunsi kuli butchala, wowotcherera zitsulo, golosale yotsekedwa ija, ndi Singano. Injiniyayo ndinamufunsa pambali za nyumba ya Singano, ya njerwa, ya mtengo wa mandimu. Anati mwina khonde lokha. Mwina.

Bambo a kunyumba akuti usapusitsidwe, msewu ukazungulira phiri msika uno wafa. Akunena zoona. Kwa mlamu anawalambalala, pano pamsika pawo pakugona mbuzi. Amayi a tomato, a makala, anyamata a njinga, onsewa adzadya chiyani? Nanga ife?

Masana Singano wabwera ndi kapu yake yachitsulo ngati masiku onse. Shuga wambiri, ati moyo ndi wowawa kale. Tacheza za mwana wake wa kutauni, za bondo lake. Pakamwa panga panali polemera. Ndati ndimuuza mawa.

Lachinayi, 10 Epulo

Tavota. Pokweza manja, anthu ali mbwee m'mawindo.

Manja a kuphiri anali ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Kenako a pamsika. Ndinayang'ana pawindo, ndinamuona Singano, tepi yoyezera ili m'khosi. Wina anali atamuuza kale.

Ndinakweza.

Tapambana pang'ono chabe. Amayi a tomato nthungululu. A khansala andigwira chanza, ati mayi ndinu oganiza patali. Potuluka pawindo paja panalibe munthu.

Loweruka, 12 Epulo

Sanabwere dzulo. Lero ayinso. Makina akulira, koma wawalowetsa m'nyumba.

Ndikanangomuuza Lolemba lija. Kapena Lachitatu, kapu ili m'manja. Akanatukwana, akanatha. Mwina akanati kweza dzanja, chitsiru iwe, msika usafe chifukwa cha khonde langa. Amatero munthu uja ukamufikira kumaso. Chimene sakhululuka ndi kumva kwa ena.

Ufa wa mabanzi wakweranso. Ndachepetsa kukula, palibe wadandaula.

Lachitatu, 23 Epulo

Abwera a zikhomo ndi penti wofiira. Chikhomo china achikhoma kuseri kwa nyumba ya Singano. Kuseri! Si khonde lokha. Chipinda chogona, chosokera, mandimu, zonse zili mumsewu. Pakhoma ajambula chimtanda chachikulu ngati nyumbayo yalakwa mayeso.

Ndinasiya ketulo pamoto n'kuwoloka. Anali akuchotsa ulusi pa siketi ya yunifolomu, osadzutsa mutu. Ndinayamba za injiniya, za khonde, za msika. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anatha okha. Kenako: "Dzanja lako ndinaliona. Silinanjenjemere n'komwe."

Ndinati ndinaganizira anthu onse. Anati eya, anthu onse, ndipo tiyirumu ili kumtunda.

Pamenepo ndinawira. Ndinanena kuti iye akanakhala ine akanachita chimodzimodzi, kuti dziko silingaime chifukwa cha mtengo wa mandimu. Mtengo umene anabzala malemu mwamuna wake. Pakamwa panga, Mulungu wanga.

Anapitiriza kuchotsa ulusi.

Lachiwiri, 6 Meyi

Msonkhano wina, wa chipukuta misozi. Butchala wasangalala, shopu yake inali yogwa kale. Wowotcherera wangosuntha zitsulo zake. Singano amupatsa malo kumunsi kudambo, kumene sikudutsa munthu. Telala kudambo asokera achule? Ndalama yake akuti singafike ndi pamawindo pomwe. Nyumba ija anaimanga njerwa imodziimodzi, diresi limodzilimodzi. Ndinalipo tsiku lokhoma malata. Ndinaphikira amisiri tiyi.

Ndaimirira, ndafunsa ngati msewu sungakhoteko pang'ono pokha. A khansala aseka, ati mayi msewu si mpendero wa siketi. Zojambula zinapita kale kulikulu, kontilakita wasainira. Ati munasankha nokha.

Singano sanabwere. Anatuma mlongo wake.

Kunyumba bambo ati walira mvula walira matope. Ndati matopewo bwanji agwera pa munthu mmodzi. Angokweza wailesi.

Lamulungu, 18 Meyi

Kutchalitchi Singano wakhala mbali ina. Chiyambire utsikana timakhala benchi limodzi, iye kunong'ona za madiresi osokedwa molakwika, ine kudziletsa kuseka. Lero pambali panga panali mayi wa makala, kuimba mokweza, mawu olakwika.

Mwana wake wabwera kuchokera kutauni. Zamveka: wabwera kudzamutenga. Kudambo wakana.

Madzulo mlongo wake wabweretsa phukusi. Diresi langa lobiriwira, nsalu imene ndinamusiyira mvula isanathe. Lasokedwa, lasitidwa. Ndafunsa mtengo, ati akuti palibe. Ndaliyesa chitseko chotseka. Landikwana ndendende, chonsecho sanandiyeze. Wawonjezera m'chiuno pamene ndanenepa, pamene ndinkabisa ndi epuloni.

Ndakhala pabedi nditalivala. Kupita ndikathokoze? Akati ndabwera chifukwa cha diresi laulere. Mawa, kukakhala kopanda anthu.

Lolemba, 2 Juni

Lole yonyamula katundu wa Singano inafika m'mawa, nthawi imene antchito a msewu amadzaza tiyirumu. Uyu tiyi, uyu mazira, uyu chenji. Pakati pa mitu yawo ndimaona bedi likukwezedwa, kabati ya galasi, matumba a zigamba. Ndimati ndithire kapu iyi yokha. Kenako iyi yokha.

Nditatuluka injini inali italira kale. Iye kutsogolo, mutu wa makina uli pamiyendo ngati mwana. Amayi a pamsika atazungulira, ena akulira. Ndinaima pakati pa msewu ndi sefa ya tiyi m'manja. Anandiyang'ana. Ndinakweza dzanja kutsazika, n'kukumbukira, n'kulitsitsa msanga.

Fumbi basi.

Masabata onsewa anali kutsidya kwa msewu. Mapazi angati? Sindinawoloke.

Lachitatu, 4 Juni

Katapila wafika kudzagumula nyumba ya Singano. Sanachedwe nayo. Khoma la chipinda chosokera linagwa lathunthu, mkati muli kalendala yakale ndi misomali yopachika madiresi. Ana kutola mandimu, aawisi omwe. Woyendetsa katapila wabwera kudzamwa tiyi pambuyo pake, munthu waulemu, wafunsa ngati ndili ndi chimfine.

Tsopano ndikaima pakauntala ndikuona mpaka kudambo. Kuwala kwambiri. Ndasuntha tebulo kuti ndizipereka msana.

Loweruka, 19 Julayi

Nthawi yapita osalemba. Ntchito. Fumbi m'shuga, m'tsitsi, m'mano. Galimoto yothira madzi imadutsa kamodzi, a khansala akuti ipita kawiri, tikudikirabe. Ngalande akumba, mlatho wa pamtsinje wayamba kuoneka. Ana asukulu aleka kuvula nsapato powoloka.

Malonda sanayendepo chonchi. Ndagula mabenchi atsopano ndi ketulo yachiwiri. Bambo akukamba zomanga kachipinda kena. Ndikatsegula kabokosi ka ndalama madzulo mtima umakondwa, kenako manyazi. Zonse ziwiri n'zoona.

Nambala ya mwana wake ndinaipeza kwa mlongo uja. Ndakhala nayo sabata. Lero ndaimba. Wayankha mpongozi wa Singano, mawu aulemu a kutauni. Ati amayi agona. Masana dzuwa lili pamutu? Singano sagona masana. Ndati muwauze kuti Ketulo anaimba. Ati ndani? Ndabwereza. Waseka pang'ono, ati chabwino.

Sanaimbenso. Inenso ayi.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Phula lafika pamsika. Lakuda bii, kununkha. Ana akuthamangapo osavala nsapato, nkhuku zikuopa kuwoloka. A khansala anaima pa lole ndi chimkuzamawu: mahampu aika pasukulu mwezi wamawa, malo okwerera minibasi akhala pafupi ndi tiyirumu, tisamayanike chimanga pamsewu. Athokoza komiti. Anditchula. Anthu m'manja.

Sabata yatha mkazi wa butchala, amene anali woyembekezera, anayamba kudwala mwana asanatembenuke bwino. Galimoto inafika naye kuchipatala nthawi ilipo. Ali moyo onse awiri. Chikhala kale, m'makwawa muja, kaya. Butchala wandibweretsera chiwindi, ati mayi dzanja lanu lija lapulumutsa banja langa.

Ndiye sindinalakwe. Aliyense akutero. Nanga bwanji sizikukoma?

Pokwerera minibasi pabwera telala wina, wachilendo, ndi makina pansi pa ambulera. Ntchito yamuchuluka, mayunifolomu, mazipi a madalaivala. Mipendero yake yokhota. Ndinatembenuka kuti ndinene, "Taona zimene akuchita uyo." Kunena kwa ndani?

Akanangotsala. Kashedi kakang'ono pambali pa tiyirumu, malo alipo, bambo sakanakana. Maganizo amenewa andifikira lero, mwezi wa Sepitembala. Mu Meyi anali kuti?

Lachinayi, 16 Okutobala

Kutentha. Mkaka ukuwonongeka usanafike masana.

Mwana wa Singano watsika minibasi, wabwera kudzaona malume ake za malo a kudambo aja. Walowa, wavula chipewa, wanditchula azakhali ngati kale ali wamng'ono. Ndamuthirira tiyi, sanamwe.

Amayi ake anadwala sitiroko. Masabata awiri apitawo. Anagwa kubafa. Dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira, pakamwa papotoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Ali m'chipatala chachikulu. Ati chifikireni kutauni makina sanawatsegule, nyumba ndi yaing'ono, mpongozi amadandaula phokoso. Amangokhala pawindo. Uthenga wanga wa Julayi anauzidwa. Anangoti, "Wawira mochedwa."

Ndafunsa ngati wanditchula kuchipatalako. Mwanayo wayang'ana pansi. "Ndisaname azakhali, sanakuitaneni. Ndangoti mudziwe."

Dzanja lamanja. Losokera.

Ndatseka msanga. Bambo ati Lachisanu ndi tsiku la msika, dikira Lamulungu. Ndati makapu ali apo, shuga ali apo, tiyi sakufuna satifiketi.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mu minibasi. Mpando wa kumbuyo, nkhuku ya munthu pamapazi anga. Ndikulemba galimoto ikuyenda, cholembera sichikudumpha n'komwe. Msewu ndi wabwino. Ndinene zoona, ndi wabwino kwambiri.

M'chikwama fulasiki, sopo, thaulo, mafuta odzola. Kaya amulola tiyi.

Ndikuyesa mawu oyamba. Pepa, achepa. Ndinalakwa, koma ndikanavotanso chimodzimodzi, ndipo iye adziwa, bodza amalinunkhiza patali. Mwina ndingoti ndinayenera kuwoloka. Mwina ndisanene kanthu, ndingomupesa tsitsi. Mwina andithamangitsa ndi dzanja lotsalalo. Bola atero. Bola atukwane, ngakhale liwu limodzi.

Kale ulendo uno unkadya tsiku lathunthu. Ndimadalira kuti ndiganiza bwino m'njira. Koma taonani, nyumba zosanja zayamba kale, sindinakonzeke, ndipo kondakitala akuti otsikira kuchipatala akonzeke.