Baji ya Chitalu

Kabwata, Lusaka
12 Okutobala

Akulu anga a Betty,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga ku Chipata konko. Bondo lija lasiya kuvuta? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira, ndipo madzi pa mpopi akubwera mmene afunira.

Ndalemba chifukwa pa foni ndingayambe kulira n'kulephera kumaliza.

Mukudziwa kuti ndimasesa ndi kutsuka zimbudzi pa sukulu ija ya ku Woodlands, ndiponso kuti mwana wanga Chitalu anapeza malo pomwepo poti ana a antchito amaloledwa. Chimene simudziwa n'chakuti tsiku loyamba lomwe ndinamuletsa kunditchula amayi tikalowa pa geti. Anzake amatsika m'magalimoto a ku Kabulonga, ine ndimafika ndi fumbi kumapazi. Ndinkaopa kuti azimuseka. Zaka zinayi wakhala akundipatsa moni wa "muli bwanji ba Eness" ngati ana ena onse, ndipo m'mawa aliyense amanyamuka nthawi yake.

N'chifukwa chake mwezi watha ndinakupemphani kuti akasankhidwa kukhala hedigelo, mtsogoleri wa atsikana pa sukulupo, mubwere kudzamuveka baji. Mwambo wa pa sukulupo ndi wakuti kholo ndilo limakwera kutsogolo n'kuveka mwana. Ndinakunamizani kuti ndidzatanganidwa. Zoona zake, ndinkafuna anthu aone inu, aphunzitsi a nsapato zazitali, aziti ndinu mayi wake. Mundikhululukire.

Tsono imvani zimene wachita mwanayu. Pa sukulupo mwana wochedwa kapena wosokosa m'kalasi amamutumiza kwa ine. Ndimamupatsa burashi ndi ndowa, akatsuke chimbudzi anzake akumuseka. Ine sindinaonepo cholakwika, ndinkangoti ntchito yandichepera.

Lolemba opikisana analankhula pamaso pa sukulu yonse ana asanavote. Ine ndinali kuseri kwa holo ndi mopu, khutu pa windo. Wina analonjeza mipira yatsopano, wina kuti Lachisanu azivala za kunyumba. Chitalu anati akasankhidwa adzapempha ba hedi kuti kutsuka zimbudzi kusakhalenso chilango. Ochedwa azitsalira mu laibulale akaweruka, ndipo kalasi iliyonse izikhala ndi tsiku lothandiza kuyeretsa, mapulifekiti patsogolo. Ana anayamba kung'ung'udza. Mtsikana wina anakuwa kuti kodi wasanduka loya wa ba Eness.

Chitalu anayankha mawu osanjenjemera n'komwe: "Ba Eness ndi amayi anga. Ntchito imene imandidyetsa ine si chilango cha munthu."

Akulu anga! Ndinathawira m'kachipinda ka matsache, mkwiyo ndi manyazi zitandigwira pamodzi. Ndinati basi, waluza, ndipo azimunena mpaka amalize sukulu.

Koma anapambana, ngakhale mnzake wopikisana naye anamutsatira pafupi. Ena akumunenabe, sindikubisirani. Dzulo wina anamuikira burashi pa desiki. Chitalu anangoitenga n'kudzandibwezera onse akuona.

Lolemba lomwelo kunyumba ndinamukalipira kuti wandichititsa manyazi pagulu. Anandisiya ndimalize, kenaka anandifunsa kuti zaka zonsezi amene wakhala akubisala ndani, iye kapena ine. Ndinangoyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Mpaka lero ndikudzifunsa kuti mtima umenewu anautenga kuti. Kwa ine ayi. Malemu atate ake ankaopa ngakhale kondakitala wa minibasi. Kapena inu munali otere muli mtsikana? Nanga pomandiitana ba Eness tsiku ndi tsiku, ankamva chiyani mumtima? Ndikufunitsitsa kumufunsa koma yankho lake ndikuliopa.

Mwambo uli Lachisanu la sabata ya mawa. Wandiuza kuti ndikapanda kukwera ine, baji aisiya pa tebulo. Ndimamudziwa mwana ameneyu, achitadi.

Choncho bwerani ndithu, koma mudzakhale pa mpando wakutsogolo pomwe ndingakuoneni. Ndidzakwera ndekha. Manja anga ndi okhakhala, ndiye mundipempherere ndisakamubaye mwana ndi pini.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akuyendetseni bwino pa ulendo.

Ndine mng'ono wanu,
Eness, amake Chitalu