Masaya a bambo a Tadala

Lamlungu, mwezi wa Okutobala. Kwazizira, mvula yakhala ikuwaza chiyambire m'mawa, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Kelsey wafika lero. Ndi mtsikana wa ku America amene akuphunzira ku Lyon, ku France, komwe amagona chipinda chimodzi ndi mwana wanga Tadala. Abwera limodzi kuno ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, kudzapuma sabata imodzi. Wangokhalako miyezi iwiri pakati pa Afalansa, koma chilichonse akuti "ku France timatere".

Polowa m'nyumba, ine wangondigwira chanza. Amuna anga wawagwira m'mapewa n'kuwapsompsona m'masaya. Iwo, mkulu wa mpingo wathunthu, angoima chilili akumwetulira ngati alandira mphoto.

Ndamukokera Tadala kukhitchini. "Iwe, mnzakoyu zimenezi n'zotani?"

Wandiyankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow kuti ndi moni chabe, Afalansa onse amatero, Kelsey akungoyesetsa kuti azolowere. Akuti sabata yoyamba ankalira chifukwa anzake a m'kalasi ankamuseka akawakumbatira ngati kwawo.

"Nanga ine bwanji sanandipatse moni wakewo?"

"Amayi, nkhope yanu yamuopsa."

Mwina n'zoona. Mwanayo ulemu ali nawo, mbale watsuka osauzidwa. Komabe ndafunsanso kuti ku Lyon amapsompsona kangati. Tadala wati kawiri basi, tsaya ili ndi ili.

Ine ndawerenga katatu. Ndipo kachitatuko mwana wa eni anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo. Amene apereka tsaya ndi bambo a Tadala.