Pa Geti la Kiliniki

Soshanguve,
Pretoria.
17 Ogasiti, 2025.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Abambo, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ku Pretoria North ikuyenda, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwanding'amba milomo. Mudabwa kulandira kalata pomwe timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Pali nkhani imene ndayesa katatu kukuuzani, koma ndikangomva mawu anu ndimathera kufunsa za nkhuku ndi za kudimba.

Kuno sikuli bwino kwenikweni. Kuyambira mwezi wa Meyi, anthu ena a m'dera lino anayamba kuima pa geti la kiliniki yathu n'kumafunsa aliyense chitupa. Wopanda chitupa cha ku Joni amamubweza, akuti alendofe ndi amene tikumaliza mankhwala. Si apolisi, si madokotala, ndi anthu omwe timakwera nawo takisi m'mawa.

Lachiwiri lina ndinapita kukatenga mankhwala anga a BP. Zaka khumi ndi chimodzi za kuno zandiphunzitsa Chisepedi moti ambiri amaganiza kuti kwathu ndi ku Limpopo, ndipo ine sindinawatsutsepo. Ndinawapatsa moni m'chinenero chawo, n'kunena kuti chitupa ndaiwala m'chikwama china. Anaseka, n'kundilola.

Kumbuyo kwanga kunali Rehana, mtsikana wa ku Ntaja amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera panga. Mwamuna wake, Adamu, amagulitsa zovala ku Marabastad. Rehana anabwera chaka chatha, chinenero cha kuno sadziwa, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Anamuimitsa. Anali atagwira m'chiuno, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Atandiona mkati mwa mpanda anafuula, "Achemwali a Dyna! Auzeni kuti ndikutaya magazi, achemwali!"

Amayi, ndinamva. Ndinamva mawu onse. Bambo wina wa pa geti anatembenuka kufuna kuona amene akuitanidwayo, ine n'kuweramira pa khadi langa ngati ndikuwerenga, kenako ndinalowa. Rehana anabwerera kunyumba wapansi. Pamene Adamu amafika ndi galimoto masana, mwana anali atafera m'mimba. Anali wamwamuna.

Nditapita kukapepesa, Rehana anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndinakuitanani tsiku lija, koma munali patali, phokoso linachuluka." Ine ndinangoti, "Pepani." Anaganiza kuti ndikupepesa maliro.

Sabata yomweyo Mma Naomi, mbadwa ya konkuno amene anapuma pa ntchito ya unamwino ndipo timapemphera nawo, anaitanira amayi m'galaja mwawo. Tinalipo asanu ndi anayi, ena a kuno, ena a ku Zimbabwe, Amalawi atatu. Anati, "Sitikukamenyana ndi munthu. Mlendo aliyense akoleke mkono wake mwa mmodzi wa ife eni mudzi, tilowe awiriawiri. Akatukwana musayankhe. Akakankha, mukhale pansi pomwepo."

Tinayamba Lolemba. Anatitukwana, wina anatithira madzi a m'botolo, ndipo tinakhaladi pansi pa fumbi pafupifupi ola lathunthu, mpaka agogo ena a pamzere anayamba kuwakalipira okha. Tsiku limenelo tinalowetsa anthu anayi. Kuchokera pamenepo ndimapitako Lachinayi lililonse, lomwe ndi tsiku langa lopuma, ndipo tsopano amayi a m'gulu lathu tapitirira makumi atatu.

Mwezi watha abusa anatibwereka holo kuti mbali zonse tikumane Loweruka masana. Mtsogoleri wa a pa geti aja, bambo wina dzina lake Elton, anaimirira. Ndinapita nditakonzeka kudana naye. Koma anafotokoza za mayi ake odwala shuga, amene anayendera mankhwala miyezi itatu n'kumabwezedwa kuti atha, mpaka anawadula mwendo. Polankhula, bambo wamkulu ankapukuta misozi ndi chipewa. "Ndiye mukufuna ndikwiyire ndani?" anatifunsa.

Sindikudziwa chimene chinandidzutsa pampando. Ndinalankhula m'Chisepedi kuti, "Dzina langa ndine Dyna, kwathu ndi ku Balaka, ku Malawi. Inenso ndabwererapo kawiri chimanjamanja pa windo lomwelo la mankhwala. Mayi anu ndi ine timaima pamzere umodzi." M'holo munali phokoso. Ndinapitiriza, ndinawauza za mwana wa Rehana. Koma ndisakunamizeni, za ine ndi khadi langa lija sindinanene.

Eni nyumba yanga analimo. Madzulo ake anandiuza kuti pakutha pa mwezi uno ndichoke, akuti ndakhala ndikuwanamiza. Apo sanalakwe. Musade nkhawa, Mma Naomi andipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo. Chonde Abambo musawauze zimenezi, angayambe kundiumiriza kuti ndibwerere.

Pa geti anthu aja akubwerabe, koma achepa, ndipo amayi oyembekezera ndi ana sawagwiranso. Elton sanapepese kwa wina aliyense. Komabe kalata yathu yopempha kuti awonjezere anamwino ndi mankhwala, imene tinasaina mbali zonse ziwiri, anakapereka ndi iye kwa akuluakulu a zaumoyo. Yankho silinabwere. Mma Naomi akuti tizilemba mwezi uliwonse mpaka atope nafe. Nthawi zina ndimaona ngati tikuchita zazikulu, nthawi zina ndimaona kuti tangosuntha anthu ochepa pa geti limodzi m'dziko lalikulu chonchi. Amayi a m'gulu lathu amanditama kuti ndine wolimba mtima, ndipo akatero ndimasowa poyang'ana.

Tsopano pempho langa. Rehana akubwerera kumudzi, akuti kuno sakugona tulo. Ndi iye amene wakubweretserani kalatayi, pamodzi ndi juzi ya Abambo ndi mafuta anu opaka pa bondo. Anadzipereka yekha kutsikira pa Balaka, akuti akufuna aone mayi amene anabereka munthu wabwino ngati ine. Mumulandire ngati mwana wanu, agone, m'mawa mumuperekeze pokwerera minibasi za ku Ntaja. Ndi Msilamu, ndiye nkhuku mukaitane a Faruk a kumsika kuti adzazinge.

Ndatsimikiza mtima kumuuza zoona mawa, basi isananyamuke. Akakupatsani kalatayi ataima pabwalo n'kukana kulowa m'nyumba, musamuumirize, mudziwe kuti ndamuuza. Akafika akuseka n'kumanditama, mudziwe kuti mwana wanu walepheranso, ndipo Lamulungu pafoni musandilole kufunsa china chilichonse ndisanayankhe za ichi.

Moni kwa Abambo, kwa achimwene a Geofrey ndi alamu, ndi kwa amayi onse a kumpingo. Muwauze azitipempherera Lachinayi.

Ndine mwana wanu,
Dyna