Hita yayakanso

Bambo a Daphne,

Musagwire chitseko cha karavani yathu yogonamoyi, n'chifukwa chake kapepalaka ndakamata pageti. Chogwirira chandimenya shoko m'mawa uno, mpaka pano mkono uli dzanzi.

Hita yathu yotenthetsera m'kati ija inayamba kununkha pulasitiki yopsa, ndiye ndinapita ku shedi ya kuseri kwa nyumba yaikulu kukazula chingwe chimene timakokera magetsi. Pulagi inali yonyowa, mbali imodzi itada. Ndinakiya shedi n'kumuperekeza Daphne kusukulu. Pobwera ndapeza hita ikuyaka, pulagi yalowetsedwanso, koma loko ali chikhomere, kiyi ali m'thumba mwanga.

Ndinaimbira eni nyumba aja. Akadali ku Australia kumene anapita ntchito zomanga zitatha. Anandifunsa kuti, "Magetsi ake ati? M'nyumbamo anadula kalekale, simukhala munthu." Tikulankhula choncho, ndinaona katani ya chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo ikutsekedwa.

Pepani, nkhuku yanu yatsala m'fuliji, sindinalimbe mtima kubwereramo. Chingwe ndazulanso ndipo ndanyamula chonse. Ndikakamutenga mwana tikafikira kwa anzathu a Miriam ku Drumcondra, mawa tipeze wamagetsi adzaone.

Mukasuzumira pawindo n'kupeza hita ili yofiira, musafufuze chilichonse. Ingokwerani basi.

Melody