Tsiku Limene Tinatsegula Botolo la Abambo

Khwethemule, Thyolo
14 Juni

Okondedwa achimwene a Justice,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ku Kepi pamodzi ndi alamu a Sellah ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chatipanikiza sabata yonse ndipo Lisa wanga akutsokomola. Tiyi wachepa m'minda, ndiye ku esiteti tikuweruka msanga masiku ano.

Kalatayi ndapatsira a Ben a thiransipoti chifukwa chichitikireni maliro a abambo simukuyankha foni yanga. Ndikudziwa zimene azakhali a Magdalena anakuuzani, zoti ndinamwetsa mowa munthu wodwala ndipo ndine ndinawafulumizitsa ulendo. Musanandiweruze, imvaniko mbali yanga.

Botolo la vinyo munatumiza chaka chatha lija, abambo analisunga m'sutikesi, atalikulunga ndi jekete yoyera imene ankavala ali weta. Mukudziwa kuti zaka makumi atatu anathirira anthu vinyo ku nyumba ya alendo ya esiteti, osalawako ngakhale dontho. Lanuli ankalitulutsa kawirikawiri n'kumawerenga dzina lake mokweza: Sanjoveze. Ankati mbewu ya mphesa zake inachokera ku Itale, ngakhale zalimidwa pa famu yomwe mukugwirapo ntchito. Nditawauza zija munanena, kuti ndi vinyo wotchipa amene antchito mumagula pa shopu ya pafamu, anayankha kuti lilime siliwerenga mtengo. Ankadikira inu kuti mudzatsegulire limodzi.

Mu Epulo kuchipatala anatibweza. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti khansa yafika m'mafupa, tizingowapatsa mankhwala opha ululu ndi chilichonse chimene mtima wawo wafuna. Izi ndinakubisirani. Ndinaopa kuti munyamuka mapepala anu asanatuluke n'kutaya ntchito. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera.

Lachitatu lina masana, dzuwa litatuluka, anapempha kuti ndiwatulutse pakhonde. Anayang'ana nthawi yaitali azimayi akutchola tiyi kutsidya kuja, kenako anati, "Leah, Justice sandipeza. Katenge botolo lija."

Ndinakana. Ndinati ine ndine wa kwaya, anthu akamva atani. Anandiyankha kuti iwo sakupempha kwaya, akupempha mwana wawo.

Anandituma matambula awiri, ndiwatsuke ndi madzi otentha, ndiwapukute mpaka awale. Analamulanso nkhunda ziwiri zophika ndi matimati ambiri, ati vinyo wa mtundu umenewu amayenda ndi matimati. Ameneyotu ndi munthu amene kwa masiku ambiri ankakana ngakhale phala.

Ngakhale anali odwala, anathira okha osataya dontho, n'kupotoza botolo pomaliza monga ankachitira kuntchito. Anandionetsa kupendeketsa tambula padzuwa kuti ndione kufiira kwake, kuzunguza pang'ono, kununkhiza kaye. Ine nditalawa ndinangomva kuwawasa, ndinakwinya nkhope. Anaseka, achimwene. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndisameze ngati thobwa, ndiyambe ndamusunga m'kamwa.

Ulendo wachiwiri ndinamva ngati nthudza zakupsa, kenako lilime linauma ngati ndamwa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo. Nditaluma nkhunda ija, kuwawasa kuja kunasanduka kukoma. Nditawafotokozera anagwedeza mutu, ati ndikanakhala weta wabwino kuposa iwo.

Iwo anamwa theka la tambula basi, pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Anadya chidali chonse cha nkhunda ndi kachidutswa ka chinangwa. Kenako anati, "Zaka zonse zija ndinkauza alendo kuti ndi wokoma. Lero ndadziwa kuti sindinkanama."

Azakhali anatipeza pomwepo, akuchokera ku Luchenza, matambula ali pampando. Sanakhale n'komwe pansi. Anabwerera pa kabaza yemwe anawabweretsa, ndipo pofika Lachisanu mudzi wonse unali utamva.

Abambo anakhalanso masabata atatu. Sanamwenso. Vinyo wotsalayo anandiuza kuti ndikapatse a Winston, mnzawo wakale amene ankaphika ku nyumba ya alendo kuja. Muwafunse, akuuzani mmene botolo linalili atalilandira.

Panopa akulu a mpingo andiimitsa kwaya ndipo andiitana kumapeto kwa mwezi uno. Ndikanena zoona zokhazokha, kuti ndinawapatsa ndipo nanenso ndinamwa. Chilango ndikalandira. Koma akandifunsa ngati ndikunong'oneza bondo sindikavomera, chifukwa ndiye kuti ndanama pamaso pa Mulungu. Manong'onong'o a kuchitsime ndikutha kupirira. Zanuzi ndiye zikundidwalitsa. Tinabadwa awiri, achimwene. Amayi kulibe, abambo kulibe, ndilirire kwa yani?

Pali uthenga wanu umene ndinkafuna kukuuzani ndi pakamwa, koma sindingausungenso. Masana omwewo, nditayamba kuchotsa mbale, anandifunsa ngati n'zoona kuti inuyo mumadulira nawo mitengo ya mphesazo ndi kukolola. Nditavomera, anagwira botolo lija ndi manja awiri. Anati, "Ukamuuze kuti ndalawa ntchito ya manja ake. Asamadziimbe mlandu kuti sanabwere kudzandiona. Wandifika."

Ndapereka monga anandituma. Zotsalazo zili ndi inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Angel ndi kwa Jacob amene sindinamuonepo. Chauta akusungeni kuchilendo kumeneko, akufewetseni mtima pa ine.

Ndine mlongo wanu,
Leah