Ndameta achimwene pagombe

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, ku Chipoka. Tsiku loipa.

Masana achimwene anga, a Saidi, anagubuduza thandala la usipa, n'kumenya alamu, akazi awo, ndi chikuni kumaso. Asodzi anamangirira achimwenewo ku bwato n'kuyamba kuwakwapula ndi nkhafi, ati akutulutsa majini. Wina anawamenya m'mutu momwemo. Magazi anali chuchuchu pamchenga.

Ndinathamangira lumo, n'kuwameta pomwepo onse akuona. Dzenje la m'mutu mwawo linaonekera, pamalo pamene chitsulo cha njanji chinawagwera chaka chatha.

"Gwirani apa," ndinauza a Mdala, amene ankatsogolera zokwapulazo. "Asanavulale, munthuyu anamenyapo ndani? Ndi ubongo uwu, si majini."

Anaikapo chala, chikhadabo chonse chinalowa. Anachichotsa msanga, n'kumasula chingwe.

Koma alamu apita kwawo ku Lifuwu diso lili lotupa, ndipo sindikanawaletsa. Achimwene angokhala pakhonde, sakukumbuka kalikonse. Andifunsa kanayi konse: "Mlamu wako wapita kuti? Nanga ineyo wandimenya ndani?"

Mawa akafunsanso, kaya ndiyamba kuyankha funso liti...