Chidindo Chofiira cha Sumie

12 Meyi
Njuchi zimene ndimasamalira padenga la yunivesite zili bwino. Dr. Kanzaki, mtsikana watsopano wofufuza za njuchi uja, wabwera ndi bokosi la makeke a nyemba. Chifikire sanandipatsepo kanthu. Kenako nkhani yatuluka: akufuna chithunzi cha maluwa ofiira a tsubaki chimene malemu mkazi wanga Sumie anajambula, akachionetse pamsonkhano ku Sendai. "Bambo Nagao, ndikungobwereka." Makeke ndaika paguwa lokumbukirapo Sumie kunyumba. Sindinalawe.

15 Meyi
Ndamupatsa. Pakona, pakati pa masamba akuda, chidindo chofiira cha Sumie. Zaka zonse zija akujambulira aphunzitsi a payunivesite, dzina lake silinatchulidwepo pagulu. Chidindocho basi.

19 Meyi
Ndadutsa pakhomo la ofesi ya Dr. Kanzaki. Pakompyuta, chithunzi chija. Maluwa ada bii. Chidindo palibe. Palibe! Atandiona watseka msanga. "Musasuzumire, sindinamalize," uku akuseka.

20 Meyi
Njuchi yandiluma padzanja. Mzanga Mogi wa ku nyumba ya zomera akuti, "Iwe nkhalamba, makeke aulere unawaonapo kuti?"

24 Meyi
Sindinapite kuntchito. Mvula. Tiyi wa Sumie wazizira paguwa. Ndamuuza Sumie kuti chithunzi chija ndikachitenga mawa. Dr. Kanzaki afune asafune.

25 Meyi
Ndalowa muofesi ya Dr. Kanzaki osagogoda. Ndamufunsa kumene wapititsa chidindo cha Sumie. Sanakwiye. Wandikhazika pampando wake, watsegula chithunzi chakuda chija. "Umu ndi momwe njuchi imaonera. Chofiira kwa iyo ndi mdima." Wadina kamodzi. Maluwa psuu. Chidindo chabwerera pakona pake, ndipo pansi pake dzina lonse: Nagao Sumie. Akuti adzayamba ndi chakudacho, kenako ichi, n'kuwauza anthu amene anajambula.

Ine ndimadziwa za njuchi ndi chofiira. Sumie yemweyo ndiye anandiphunzitsa, tili kukhitchini, burashi ili kukamwa. Ndinaiwala bwanji?

Ndawerama, ndatuluka. Kupepesa kwandikanika.

2 Juni
Mogi akuti mawu a muofesi ndi ena, a pamsonkhano ndi ena. Mwina. Tikiti ya ku Sendai ndagula. Ndikakhala kutsogolo, ndikaone ndi maso anga. Jekete lakuda likundithina.

Makeke aja auma gwa. Ndadya limodzi, lina ndamusiyira Sumie.